Mphete Zitatu pa Simenti

"Ndipatseni munthu aliyense wa miyendo iwiri," anatero a Madoko akumenya thanki ya njinga yamoto ndi chikhatho, "pakutha milungu isanu ndi umodzi akulemberani mphete zitatu pa simenti, tayala lakutsogolo lili m'mwamba. Ndinaphunzitsa wophika wa m'sitima ya pamadzi, munthu wamimba ngati mgolo. Ndinaphunzitsa mayi wa ana anayi kudziko lozizira, kumene malovu amauma asanafike pansi. Ndiye mlamu wangayu andikanike?"

Madamu sanaseke. Anayang'ana Sipoko, amene anangoima atanyamula chipewa chake cha njinga ngati munthu wodikira basi.

"Za m'sitima ine sindizidziwa, a Madoko," anatero Madamu. "Ndimadziwa za eni masitolo. Kale ankatitsekera msewu wonse. Lero akutipatsa malo oimikapo magalimoto anayi, basi. Pamalo otero, munthu wongodziwa kuthamanga molunjika pa tayala limodzi ndimuika pati? Anzake atatu onse akuzungulira. Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndidzabwera kuno. Mphete zitatu, phazi osagunda pansi. Zikadzakanika, pali wina amene akundiimbira foni tsiku lililonse."

"Muuzeni akasake ntchito kwina."

"Sipoko, wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Madamu ndiye ankapezera gulu lawo ntchito. Kukakhala kotsegulira sitolo kapena kotsatsa malonda, amuna anayi ankapita ndi njinga zawo zamoto kukakopa anthu ndi masewera. Sipoko anali atakhala m'gululo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa choonda, koma chaka chimenecho anali ataonda kuposa dzina lomwe. A Madoko anali mlongo wake wa mkazi wa Sipoko. Anachoka kwawo ali ndi buluku limodzi, n'kubwerako patapita zaka makumi awiri ndi luso la injini, mimba, ndi nkhani zosatha zimene zonse zinkayambira padoko lina lake. Tsopano anali ndi galaja yawoyawo.

Chimene Madamu ndi a Madoko sankadziwa n'chakuti phazi lamanja la Sipoko linali litasiya kumva. Zinayamba ngati dzanzi la m'zala chaka chapitacho. Dzanzilo silinachoke, linangokwera. Tsopano kuyambira m'kakolo kupita pansi linali ngati thabwa limene wina wamumangirira. Phazi lamanja ndilo limaponda buleki ya tayala lakumbuyo. Pothamanga molunjika munthu ukhoza kunamiza anthu: uli ndi liwiro, uli ndi msewu wautali, ukabweza moto pang'ono mutu wa njinga umatsika wokha. Pozungulira palibe ponamizira. Aliyense amene anayesapo akudziwa kuti mphete imalembedwa ndi buleki.

Kuseri kwa galaja kunali bwalo la simenti lozingidwa ndi mpanda wa njerwa, pogona malole. Malolewo ankanyamuka m'bandakucha, ndipo kuyambira sikisi koloko mpaka amakaniko atafika, bwalo linali la awiriwo. A Madoko anaotcherera zitsulo mozungulira injini kuti njinga ikagwa isaphwanyike. Anaphwetsako pang'ono tayala lakumbuyo. Kenako anaika chitini chakale cha penti pakati pa bwalo.

"Chitinichi ndi mkazi wa mwini," anatero. "Mumuyang'ane, mumuzungulire, koma osamukhudza. Giya wani. Dzutsani mutu ndi kilatchi monga mwa masiku onse, mufike pamalo paja pamene njinga imasiya kulemera. Mukafika pamenepo chepetsani liwiro, njinga iziyenda ngati mwana wopita kusukulu asanalembe homuweki. Kenako tembenuzani khosi kumanzere. Kumene apita maso, njinga imatsatira. Ikamagwera m'kati, ipatseni moto, idzuka. Ikafuna kukugwetsani chagada, buleki. Komatu si buleki yopondereza ngati mukupha mphemvu. Mumaikhudza ngati mukuyesa madzi osambitsira khanda."

Sipoko anagwedeza mutu n'kuvala chipewa.

Mutu wa njinga unadzuka bwino, chifukwa chimenecho anachichita zaka zambiri. Anafika pamalo popepuka. Anatuma phazi kuti likhudze buleki. Uthenga unapita, yankho silinabwere. Tayala lakutsogolo linamenya pansi mwamphamvu mpaka mano ake anagundana. Ulendo wachiwiri anati aponde pang'ono, osadziwa kuti phazi laterereka ndipo likuponda mphepo. Njinga inapitirira chagada n'kumusiya atakhala pa simenti, iyo n'kukagona chakumpanda, tayala likuzungulirabe.

"Alamu, mwendo umenewu ndi wanu kapena munabwereka?"

"Ndi wanga."

"Ndiye ulangidwe. Amene anandiphunzitsa ine anali nkhalamba ya diso limodzi, padoko lina lonunkha dizilo. Lamulo lake linali limodzi: phazi likalakwa, liyende. Zimitsani injini. Kankhani njinga kuzungulira mpanda wonse kamodzi. Phazi likatopa limakumbukira."

Sipoko anazimitsa injini n'kuyamba kukankha. Njinga yozimitsidwa imalemera ngati maliro, makamaka tayala likakhala lophwa. A Madoko anatola choko n'kulemba kamzere kamodzi pa chitseko chachitsulo cha galaja.

Masiku anayamba kufanana. Sipoko ankafika, ankakwera, ankagwa, ankadzuka, ankakankha. Akamaliza kukankha ankamwa madzi m'chigubu chimene ankabwera nacho, ndipo chinkatha nthawi isanakwane. Khungu la pachigongono linasupuka, linauma, linasupukanso. Sankakwiya. Sankachitanso mantha. Akamauluka kupita pansi ankangoona simenti ikubwera ngati mmene umaonera mvula ili kutali.

"Mumamwa madzi ngati redieta yobooka," ankatero a Madoko. "Chemwali wanga amakudyetsani mchere wokhawokha?"

Tsiku lina ankati, "Khosi lili bwino, dzanja lili bwino, chiuno chili bwino. Koma phazi ili, alamu, likanakhala wantchito wanga ndikanalichotsa kalekale."

Timizere ta choko tinachuluka. Tinadzaza mzere woyamba n'kuyamba wachiwiri.

Kunyumba mkazi wake ankakhala pa makina osokera pafupi ndi zenera, chifukwa ntchito yake inali ya utelala. Akamva chitseko ankaimitsa makinawo.

"Zayenda bwanji lero, bambo?"

"Zayenda."

"Achimwene akukuvutitsani?"

"Ayi."

Ankamuthirira tiyi n'kumuyang'ana kumapazi, osati kumaso. Sipoko ankakhala pampando wautali n'kumayang'ana khoma mpaka tiyi atazizira. Makina ankayambanso kulira.

Lachisanu la mlungu wachitatu, timizere tili makumi atatu ndi tinayi, Sipoko anayesa njira ina. Anati poti phazi silikumuuza kanthu, amvetsere injini ndi makutu. Ikamalira molemedwa ndiye kuti buleki yagwira. Zinatheka pang'ono. Njinga inakhota, inadutsa theka la mphete, ndipo a Madoko anayamba kuwomba m'manja. Pomwepo phazi linamasuka lokha, tayala linaluma simenti, njinga inadzuka mwadzidzidzi n'kumuponyera kunja kwa mphete. Anagwera kumanja, njinga pamwamba pa mwendo.

Anagona chomwecho akuyang'ana kumwamba. Pa waya wa pamwamba pa mpanda panali patakola jumbo yabuluu, ndipo mphepo inkaifufumitsa n'kuiphwetsa. Anaiyang'ana jumboyo. Sanaone chifukwa chofulumirira.

A Madoko ankabwera pang'onopang'ono, manja m'matumba. "Gonani, alamu, musadzivute. Ndikubweretsereni pilo? Ine padoko lija ndinagwa kasanu ndi kawiri tsiku limodzi, nkhalamba ija n'kundiuza kuti..." Anaima. Ananunkhiza. "Chikupsa n'chiyani?"

Paipi ya utsi, yotentha chifukwa cha ola lathunthu la giya wani, inali itagona pa nsapato ya Sipoko. Nsalu ya nsapatoyo inali itasungunuka. A Madoko anaidzutsa njinga ndi mphamvu imene mwina anaisiya kudoko komweko, n'kuikankhira kumbali. Anagwada, anadula zingwe za nsapato ndi mpeni. Pamwamba pa phazi panali bala loyera, lalitali ngati chala. Sipoko anadzuka n'kukhala tsonga. Analiyang'ana balalo ngati akuyang'ana phazi la munthu wina m'basi.

"Simunamve?"

"Ayi."

A Madoko anasolola sikuludiraiva m'thumba la malaya. "Tsinzinani." Anabaya chala chachikulu. "Apa?"

"Ayi."

"Apa?"

"Ayi."

Anakwera chidendene, kakolo, mpaka pamsongolo.

"Apo ndamva."

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha."

A Madoko anakhala pansi pa simenti, buluku lawo labwino ndi lomwe. Anatembenuka n'kuyang'ana chitseko chachitsulo chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye munangondisiya ndizikukankhitsani njinga?"

"Munati phazi likatopa limakumbukira. Ndimati mwina likumbukira."

"Safunsa anadya phula," anatero a Madoko, koma sankalankhula ndi iye. Kenako anati, "Wophika uja ndimamunena uja, wamimba ngati mgolo. Sindimafotokoza mathero ake. Ankamwa madzi ngati inu. Anaponda msomali m'khitchini osamva. Pofika doko lachitatu anamutsitsa pa machira, phazi anakalisiya kuchipatala. Nyamukani, tikamuone chemwali."

Mkazi wa Sipoko ataona balalo sanakuwe. Anadula ulusi ndi mano, anaika pambali diresi limene ankasoka, n'kutsegula kachitini ka mabatani. Anatulutsamo phini imodzi yopindika n'kuiika patebulo.

"Iyi ndinaizula m'chidendene chanu miyezi inayi yapitayo, mutagona masana pampandopo. Munayenda nayo kuyambira m'mawa. Kuchokera tsiku limenelo ndimasesa pansi pano ndi maginito kawiri patsiku."

"Ndiye iwe chemwali unadziwa, osandiuza?" anafunsa a Madoko.

"Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, achimwene. Ndimadikira mwini wake."

"Nanga akakhala kuti sakumva?"

Mkazi wa Sipoko anavundikira makina ake ndi nsalu, anatenga chikwama. "Tiyeni kuchipatala."

Anadikira pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Namwino anabaya chala cha Sipoko, anayang'ana kamakina, n'kuyang'ananso Sipoko. Anati ndi shuga, ndipo wakhala nthawi. Anatsuka bala n'kulimanga. Anati mankhwala azimwa tsiku lililonse, tiyi wa masupuni anayi asiye, mapazi aziwayang'ana ndi maso madzulo alionse poti iwo okha sanena kanthu. Njinga asakwere mlungu wathunthu. Mkazi wake anafunsa ngati kumva kudzabwerere. Namwino anati nthawi zambiri sikubwerera, chachikulu n'kuletsa kuti zisakwere. Sipoko ankawerenga chithunzi cha pakhoma chophunzitsa kusamba m'manja. Anachiwerenga katatu.

Ali m'galimoto pobwerera, Sipoko anati, "Ndimuimbira Madamu. Atenge winayo."

"Muimba pa foni ya yani? Chemwali, mulande foniyo." A Madoko anasintha giya mwaukali. "Ine ndinalankhula pamaso pa anthu. Mlomo wanga wayenda maiko khumi ndi anayi ndipo sunagwepo pansi."

"Munati munthu wa miyendo iwiri."

"Ndinadzichepetsa. Ndinayenera kunena kuti wa zala khumi."

Pakona ya galaja panali njinga yofiira yofunditsidwa lona. Inabwera ndi a Madoko kuchokera kunja, ndipo makaniko aliyense ankadziwa kuti kuikhudza ndi kutsanzika ntchito. Loweruka limenelo a Madoko anaivundukula okha. Kumanzere kwa handulo yake, pansi pa kilatchi, kunali kachitsulo kena kofinya, kafupi, kokhala ndi paipi yopyapyala yotsikira ku tayala lakumbuyo. Anakamasula, anamasula paipi, n'kusamutsira zonse pa njinga ya Sipoko. Njinga yofiira inatsala ndi bowo pa handulo. Anaifunditsanso msanga.

Tsiku lomwelo anapita kunyumba kwa mlamu wawo ndi handulo yakale ya zitsulo ziwiri, n'kuimangirira m'mphepete mwa tebulo losokera.

"Achimwene, tebulo langa!"

"Tebulo lidzachira. Alamu, bwerani kuno. Buleki yasamuka, tsopano ikukhala m'dzanja. Chala cholozera pa kilatchi, chapakati pa buleki, zinazo zigwire handulo. Chala chilichonse chidziwe ntchito yake, ngati akazi a mitala. Mlungu wonse uno muzifinya. Ichi, ichi, zonse pamodzi, ichi."

Mlungu umenewo m'chipindamo munali maphokoso awiri: makina osokera, ndi tizitsulo tikugogoda. Sipoko ankakhala phazi ataliika pa mpando, akufinya, maso ali pakhoma. Madzulo mkazi wake ankamuvula bandeji, ankayang'ana pakati pa zala chimodzichimodzi, n'kumuikira kagalasi kunsi kuti aone yekha chidendene chake.

"Mwaona?"

"Ndaona."

"Musamangoti ndaona. Yang'anani."

Anabwerera kubwalo kutatsala milungu iwiri, atavala jombo za a Madoko zazikulu kuti bala lisakhudzidwe. Masiku oyamba zinaipa kuposa kale. Zala zinkasokonezana. Akafuna buleki ankafinya kilatchi, injini n'kukuwa pachabe, njinga n'kugwera m'kati. Atagwa koyamba anadzuka, anazimitsa injini, n'kugwira mahandulo kuti ayambe kukankha.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Madoko.

"Kuzungulira mpanda."

"Lamulo limenelo linafa. Nkhalamba ija inali ya diso limodzi, inkaona theka. Lizani injini."

Sipoko anaona kuti masiku amenewo akamafika sikisi koloko, malaya a mlamu wake amakhala atanyowa kale kumsana, ndipo amapumira m'mwamba. Anaonanso kuti timizere ta pachitseko tikuchepa, tsiku lina tiwiri, tsiku lina titatu, pamalo pake n'kutsala choko chofafanizidwa. Sanafunse. Masiku amenewo sankafunsa zambiri.

Tsiku lachinayi, njinga ili pamalo popepuka paja, anafinya pang'ono ndi chala chapakati, ndipo chala chinamuyankha. Anamva buleki ikugwira, kenako ikugwiritsa, kenako ikumasuka. Kanali kachinthu kakang'ono, ngati kugunda kwa mtsempha, koma panali patapita chaka njinga isanamuuze kanthu. Anatembenuza khosi, anapeza chitini ndi maso. Njinga inapendekera m'kati, anaipatsa moto, inadzuka. Inafuna kupita chagada, chala chinaibweza. Mpanda unadutsa, chitseko chinadutsa, a Madoko anadutsa pakamwa pali yasa, mpanda unabweranso. Atatsitsa tayala, pa simenti panali mphete yakuda, yokhotakhota, koma yotsekeka.

"Imodzi," anatero a Madoko. "Yonyansa ngati siginecha ya chidakwa, koma imodzi. Bwerezani."

Imodzi inakhala imodzi ndi theka. Theka linamuvuta masiku atatu, chifukwa mphete yachiwiri ikamayamba mutu unkazungulira ndipo maso ankathawa pachitini kukayang'ana pansi. A Madoko anathira miyala m'chitinimo n'kumachigwedeza ndi waya ali patali. "Kuno, alamu, kuno! Pansi mukufunapo chiyani, munagwetsa mano?" Lachitatu la mlungu womaliza anakwanitsa ziwiri. Lachinayi anakwanitsa zitatu kamodzi, n'kulephera kasanu ndi kamodzi. Pa chala chapakati panatuluka thuza. Analikulunga ndi tepi yamagetsi.

Loweruka Madamu anafika nthawi yake, atavala magalasi akuda. Mkazi wa Sipoko anali atabwera kale ndipo anakhala pa tayala la lole pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Madamu anazungulira njinga n'kuloza handulo.

"Ichi n'chiyani?"

A Madoko anatsegula pakamwa, ndipo zinaonekeratu kuti kukubwera doko. Sipoko anawatsogolera.

"Phazi langa lamanja silimva, Madamu. Ndi shuga. Buleki ndikugwira ndi chala."

Madamu anavula magalasi. Anayang'ana jombo, anayang'ana nkhope yake. "Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Ndiye chaka chonse umathamanga pakati pa ana a anthu wopanda buleki?"

"Inde."

Kunja kwa mpanda kunadutsa lole ikuliza hutala.

"Ukanandiuza kale ndikanakuchotsa kale," anatero Madamu. "Chala chimamva?"

"Chimamva."

"Ine ndinati mphete zitatu. Sindinatchule chiwalo. Kwera."

Ulendo woyamba anamaliza mphete imodzi bwinobwino. Pakati pa yachiwiri maso anagwera pansi, njinga inawatsatira, ndipo phazi lamanzere linagunda simenti. Madamu anayang'ana wotchi. A Madoko, amene pa milungu isanu ndi umodzi sanakhalepo chete mphindi yathunthu, sananene kanthu. Anangopita pakati pa bwalo, anawongola chitini, n'kubwerera.

"Kamodzi kokha katsala," anatero Madamu. "Ndili ndi kwina kopita."

Sipoko anabwerera kumpanda. Sanapemphere, sanaganize za wina woimba foni uja. M'mutu mwake munali mbee. Anadzutsa mutu wa njinga, anadikira kuti ipepuke, anachepetsa liwiro, n'kupereka maso kwa chitini. Chitinicho chinali ndi dontho la penti yobiriwira m'mbali. Anagwira dontholo ndi maso. Likabisika ankadikira kuti libwerenso. Linabwera kamodzi. Linabwera kawiri. Pa ulendo wachitatu njinga inatayira kunja, ikufuna kudzuka ngati tsiku lija, ndipo chala chinafinya chisanauzidwe. Thuza linaphulika mkati mwa tepi. Njinga inabwerera, inapendekeka, inamaliza. Dontho lobiriwira linali pamaso pake kachitatu. Anatsitsa tayala pang'onopang'ono n'kuima.

Madamu anayenda mpaka pa zolembedwazo n'kuziyang'ana ngati akugula nsalu.

"Yachitatuyi ndi dzira, si mphete."

"Dzira lake ndi lotsekeka," anatero a Madoko. Mawu anali atawabwerera. "Ndipatseni masiku atatu, lidzakhala ngati pakamwa pa kapu. Ndinakuuzani chiyani ine, Madamu? Kodi ndinakuuzani chiyani?"

"Loweruka likudzali, kotsegulira sitolo ya matailosi, naini koloko," anatero Madamu kwa Sipoko. "Uzibwera ndi mankhwala ako, ndiziwaona ndi maso angawa. Tsiku limene chalacho chidzayambe dzanzi, woyamba kumva ndikhale ine." Anavala magalasi n'kutuluka.

Sipoko anavula chipewa n'kukhala pa tayala pafupi ndi mkazi wake. Anadikira chimwemwe. Ankaganiza kuti chibwera ngati mmene chinkabwerera kale, kuyambira m'mimba kukwera. Sichinabwere. Anamatula tepi pachala. Khungu linali litasendeka ndipo pamalopo pankawawa. Anafinyapo ndi chala chachikulu. Panawawa kwambiri. Anafinyanso.

"Musatero, mukulitsa bala," anatero mkazi wake. Koma sanamugwire dzanja.

A Madoko anavula jekete n'kulipachika pa msomali. Anavula wotchi n'kumupatsa mlongo wawo. Kenako anapita pa njinga, anaonetsetsa kuti injini ndi yozima, anachotsa giya, n'kugwira mahandulo.

"Alamu, mukutani?" anafunsa Sipoko.

A Madoko anawerama n'kuyamba kukankha kulunjika kumpanda.

"Akhala akukankha m'mawa uliwonse inu musanafike," anatero mkazi wa Sipoko. "Alamu anga kunyumba akudandaula kuti akubuula usiku ngati ng'ombe. Tayang'anani pachitsekopo."

Pachitseko panali patatsala timizere titatu.

"Zisiyeni, alamu," anatero Sipoko. "Zinatha zimenezo."

"Mlandu suwola," anayankha a Madoko ali pakona yoyamba. "Ndipo musandimvere chisoni. Ine ndinakankhapo lole yodzaza simenti pamtunda, ndekha, mvula ikugwa, dalaivala akulira."

Atamaliza ulendo woyamba anafafaniza kamzere kamodzi ndi chala chachikulu. Pa ulendo wachiwiri anayamba nkhani ya doko lina, koma mpweya unawathera asanatchule dzina la sitima. Nsapato zawo zonyezimira zinkaterereka pa mafuta a malole. Malaya anamatirira kumsana. Anafafaniza kachiwiri n'kutsamira chitseko, maso atatsinzina.

"Achimwene, khalani pansi kaye."

"Ndikakhala sindidzuka."

Ulendo wachitatu unatenga nthawi. Anaima pakona iliyonse. Pakona yomaliza njinga inapendekeka ngati igwa, ndipo Sipoko anapezeka ataimirira osadziwa kuti waimirira liti. A Madoko anaichirikiza ndi ntchafu, anapukusa mutu kuti asayandikire, n'kupitiriza. Atafika pachitseko anaimika njinga, ananyowetsa chala ndi thukuta la pamphumi, n'kufafaniza kamzere komaliza. Anakhala pansi chotsamira chitsulo, miyendo atatambasula.

"Ine ndasokonezeka, alamu," anatero akupumira m'mwamba. "Maulendo onse pamodzi akhala angati?"

Sipoko anatenga chigubu chake cha madzi, anatsegula, n'kuwapatsa.

"Makumi atatu ndi anayi," anatero. "Akwana."